Foni Imene Inadya Maso a Baba

Mbiri ya chigwa cha Shire ikadzalembedwa mwachilungamo, dzina langa lidzapezeka pa tsamba la sayansi, pakuti ine Dominiko ndi amene ndinafikitsa kuwala kosaoneka ndi maso m'mudzi mwathu kwa Mbenje. Anzanga opita ku Joni anabweretsa malata, ena njinga zamoto, ena matenda. Ine ndinabweretsa infuraredi. Mphoto yake ndinalandira ndithu: kwa chaka chathunthu abale anga ankanditchula mfiti.

Ndiyambe ndi kuchoka kwanga. Ndinali ku koleji ya ntchito zamanja, ndikuphunzira zamagetsi. Patatha chaka ndi theka ine ndi koleji tinasiyana mwaulemu: iwo ankafuna fizi, ine ndinali ndi zifukwa zokhazokha. Ndinabwerera kumudzi ndi theka la maphunziro, ndipo theka la maphunziro silipalasa mwadiya, bwato la kwathu lija. Baba ndi msodzi wa m'dambo, Mai anatisiya kalekale. Baba anandiyesa pamadzi milungu iwiri. Tsiku limene ndinagwetsera nkhafi m'madzi kachitatu anandiyang'ana nthawi yaitali nkunena kuti, "Iwe, nsomba zikukuseka. Pita kumene anzako akupita." Ndinapita.

Ku Joni ndinayamba ndi kutsuka magalimoto a anthu amene sanandifunsepo dzina. Kenako theka la maphunziro lija linandipezera mpando m'kashopu kokonza mafoni. M'chipinda tinkagona anthu asanu, aliyense ndi nkhawa zake pansi pa pilo. Chimwemwe changa chinali Lamlungu masana, ndikamaimbira Baba pa kafoni kawo ka mabatani. Nthawi zambiri ankadula m'malo moyankha, ndiye ndinkaimbanso, nkuimbanso.

Lamlungu lina anati, "Dominiko, mabataniwa akundisokoneza. Ndamva kuti kuli foni yosafuna manambala, yongoiyang'ana basi nkutseguka. Undigulire imeneyo."

Ndinaseka. Ndinkati mkuluyu akufuna kukadzionetsera padoko. Munthu amene wasoka maukonde zaka makumi anayi, wodziwa kulowetsa ulusi pamene ine sindiona nkabowo komwe, lero akuti mabatani khumi ndi awiri akumusokoneza, ine wophunzira osadzifunsa kanthu. Ndinangopeza foni yakale yosweka kumbuyo, nkuikonza ndi manja angawa, nkukhalira tiyi ndi buledi miyezi iwiri. Ndinaitumiza ndi wa basi. Mlongo wanga Luwiza anaionetsa nkhope ya Baba, foni nkuwaloweza.

Inatsatira miyezi inayi yabwino kuposa yonse imene ndinakhala ku Joni. Tinkaonana pa vidiyo. Kunena zoona, iwo ndi amene ankati akundiona. Ine ndinkangoona mphuno ndi diso limodzi, chifukwa foniyo ankaigunditsa kumaso. Ndinkati, "Baba, italikitseni pang'ono." Iwo pokana amvekere, "Nkhabe, apapa ndi pamene ukumveka bwino." Apanso wophunzira uja sanadzifunse kanthu.

Kenako zinthu zinayamba kugwa motsatizana. Baba anagunditsa mwadiya pa chitsa chimene mwana aliyense wa padoko amachidziwa. Anapatsa moni mtengo wa papaya. Tsiku lina Luwiza atawabweretsera madzi anamufunsa kuti, "Ndinu yani mai?" Anthu atawayang'anitsitsa anaona kuti pakati pa maso awo payera ngati madzi otsukira mpunga.

Apa ndi pamene akulowa alamu anga a Thomu, amuna ake a Luwiza, ogulitsa nsomba zowamba pa Bangula, munthu amene sanasowepo yankho chibadwire. Iwowa analandira kavidiyo kena koyendayenda m'mafoni, koonetsa kuti foni zotseguka ndi nkhope zimalavula timoto tosaoneka. Anatenga foni yawo, nkuloza kamera yake pa foni ya Baba. Pagalasi panaoneka kamoto kofiirira kakuphethira. Anaitana mudzi wonse kudzaona. Atatha kuonetsa aliyense ndi pamene anandiimbira.

"Alamu, kamoto aka n'kachiyani?"

Ndinakonza pakhosi. Mwayi wophunzitsa sufika kawirikawiri kwa munthu wothawa koleji. "Alamu, kumeneko ndi kuwala kotchedwa infuraredi. Foni imawaza timadontho take pankhope kuti iyeze mmene nkhopeyo ilili. Mphamvu yake ndi yochepa kwambiri, ndipo kumayaka kamphindi chabe. Kuwala kwa mtundu womwewo kuli m'dzuwa, kulinso pamoto umene mumawambira nsomba, kochuluka kuposa pamenepo."

"Ndiye mukuvomera kuti kulipo."

"Kulipo, koma..."

"Ndipo sikuoneka."

"Sikuoneka, eya."

"Chinthu chosaoneka, cholowa m'maso mwa munthu, chochokera kwa mwana amene ali ku Joni. Alamu, kwathu kuno chimenecho tili nalo dzina lake."

Anadula. Ameneyo ndiye anali mathero a ntchito yanga ya uphunzitsi.

Pofika sabata yotsatira nkhani inali itapsa: Dominiko anakhwima, anapereka maso a bambo ake kuti alemere. Chuma changa panthawiyo chinali mathalauzi awiri, ketulo yamagetsi ndi theka la matiresi, koma anthu ankati ndili ndi magalimoto atatu. Foni ija anaikulunga m'chitenje chakale, nkuiika mu mtsuko wosweka kuseri kwa nyumba, nkuthirapo phulusa. Kafoni ka mabatani anali atagulitsa kale. Ine anandichotsa m'gulu la pafoni la kubanja. Ndalama zanga zokha ndi zimene sanazichotse m'gulu. Mwezi uliwonse ndinkatumiza, mwezi uliwonse zinkalandiridwa. Ndinamva kuti ankayamba azipempherera.

Miyezi khumi ndi umodzi sindinamve mawu a Baba. Lamlungu masana anzanga ankatuluka ndi mafoni awo kukakhala pa masitepe, aliyense kuseka ndi akwawo. Ine ndinkachapa mathalauzi aja, ngakhale oyera. Sindibisa: masiku ena ndinkadzifunsa kuti kapena ndi zoona. Bwanji ngati pokonza foni ija ndinalakwitsa penapake, kamotoko nkukula mphamvu? Ndinawerenga zonse zimene ndinapeza, ndinayeza foni zofanana nayo kuntchito, ndinaziyang'anitsitsa mpaka misozi, ndipo misoziyo sinali ya infuraredi. Bwana wanga atandiona anati zikanakhala kuti foni zimapha maso, theka la tauniyi likanayendera ndodo. Mutu unavomereza. Mtima unkangoti, nanga bwanji ayamba kusaona foni itangofika?

Chimene chinandibweza ndi uthenga wa mawu wochokera kwa Luwiza, wojambulidwa monong'ona. "Achimwene, Baba agwera pamoto wowambira nsomba, apsa dzanja. Ngati munatengadi masowo, bwezani. Ngati simunatenge, bwerani." Ndinaumvera kasanu. Bwana anandiuza poyera kuti mpando sudikira munthu. Ndinati ndamva.

Ndinatsika minibasi pa Bangula dzuwa lili paliwombo, kutentha kwa kwathu kuja nkundikumbatira ngati wachibale yekhayo wosamva mphekesera. Ndinakwera kabaza. M'mudzi anthu ankandipatsa moni akuyang'ana chikwama. Nditatulutsa foni kuti ndione nthawi, mai wina anaphimba nkhope ya mwana wake ndi chitenje.

Baba ndinawapeza pakhonde, dzanja lokulungidwa nsanza lili pabondo, ukonde wosatha kusoka uli pambali. Ndinagwada. Anandipapasa kumaso ndi dzanja labwinolo.

"Wabwera?"

"Ndabwera, Baba."

"Galimoto wasiya kuti?"

"Ndabwera pa kabaza."

"Ndiye maso angawo unawagulitsa motchipa."

Anaseka okha. Ine sindinathe.

Ku chipatala cha boma anatiuza tsiku limene a maso amabwera. A Thomu anati sangasiye nsomba chifukwa cha sewero, choncho tinapita awiri. Tinakhala pa benchi ndi nkhalamba zina zambiri za maso oyera ngati a Baba, ndipo nditafunsafunsa ndinapeza kuti palibe ndi mmodzi yemwe amene anagwirapo foni yotseguka ndi nkhope. Ndinalakalaka a Thomu akanakhalapo.

Adokotala anali mai wamfupi wa tochi m'manja. Anaunika diso ili, anaunika linali.

"Ndi ng'ala, maso onse awiri. Yakhwima kwambiri."

Mawu akuti yakhwimawo anandidzidzimutsa, koma ndinalimba mtima nkufunsa za foni. Anandiyang'ana ngati ndafunsa ngati mvuu imaikira mazira.

"Bambo, mumagwira ntchito yanji?"

"Usodzi," anatero Baba.

"Ndiye zaka zonsezo dzuwa kumwamba, dzuwa linanso pamadzi, kuonjezapo ukalamba. Kuwala kwa foni n'kochepa, sikungachite izi. Ng'ala yotere siikula miyezi inayi. Munayamba liti kuona ngati utsi?"

Baba anayang'ana kumene kunkachokera mawu.

"Bambo, ndikufunsa kuti ndilembe."

"Chaka cha madzi aakulu aja," anatero motsitsa. "Mwanayu asanapite."

Titatuluka tinakhalanso pa benchi ija. Ndinayamba ndine.

"Baba, munkadziwa."

"Ndinkadziwa."

"Foni ija munaifuna chifukwa manambala munali mutasiya kuwaona."

"Eya."

"Ndiye chaka chonsechi anthu akunditchula mfiti, inu muli chete?"

Anasisita dzanja lopsa lija. "Ndikanati ndi ukalamba, a Thomu akanatenga mwadiya ndi maukonde tsiku lomwelo, nkundikhazika pakhonde mpaka imfa. Munthu akalodzedwa anthu amati mwina achira, zinthu zake sazigwira. Mwadiya wanga ukadali padoko, ndi dzina langa."

"Nanga dzina langa?"

"Iwe unali kutali, mwana wanga. Ndinkati mawu sakufika kumeneko."

Ndinafuna kuwauza za Malamlungu aja, za mathalauzi ochapidwa ali oyera, za tsiku limene ndinayang'ana foni ya kasitomala mpaka maso kufiira kuti ndidziwe ngati ndinapha bambo anga. M'malo mwake ndinawagulira nthochi, nkuwasendera.

Opaleshoni inali yaulere. Anachita diso lamanja, nkutiuza kuti lamanzere tidzapitenso a maso aja akadzabweranso. Tsiku lotsatira namwino atamasula bandeji, Baba anaphethira, nkuyang'ana denga, nkuyang'ana zala zawo, kenako nkundiyang'ana ine kuyambira kumutu mpaka ku nsapato.

"Wawonda," anatero. "Ku Joniko umadyako chiyani?"

Kwa namwino anati, "Takhuta, mai," zikomo wa kwathu ameneyo. Kwa ine anati ndiwanyamulire jumbo.

Ndinabwerera kumudzi ngati msilikali wopambana nkhondo. Baba analowa akuyenda okha, opanda ndodo, akutchula anthu maina ali patali. Luwiza analira, nkundigwira dzanja koyamba chibwerere. Ndinaimirira pabwalo ndi kabuku ka kuchipatala m'manja, nkuwerenga mokweza mawu akuti ng'ala, nkufotokoza za dzuwa ndi za nkhalamba za pa benchi. Anthu anamvetsera mwaulemu. Ndinatembenukira kwa Baba kuti anene za chaka cha madzi aakulu. Iwo anali otanganidwa kuyang'ana ukonde wawo, akudandaula kuti wina anausoka molakwika.

Chigamulo chinaperekedwa ndi a Thomu, atatsamira njinga yawo.

"Mwaona? Atangofika mwini wake, diso latseguka. Wabweza limodzi. Linalo akuligwiritsabe ntchito."

Anthu anagwedeza mitu. Mfundoyo inali yosalala, yopanda pogwira. Ndikanakhala kuti si ine, mwina nanenso ndikanaivomera.

Foni ndinakaifukula ndekha mu mtsuko, nkuipukuta phulusa, nkuitchajitsa. Itayaka inafuna manambala kaye, monga zimachitira zikakhalitsa zili zozima. Luwiza anawatchula, Baba nkuwadina okha mmodzimmodzi, osaphonya. Kenako anandibwezera. "Sunga iwe. Anthu angaiyambenso." Ndinawapempha kuti angonena zoona, kamodzi kokha, ngakhale kwa a Thomu okha. Anati, "Zitha zokha zimenezo."

Sizinathe. Baba anabwerera pamadzi ndi diso limodzi, ndipo akupha nsomba za makakana kuposa anyamata a maso awiri. Diso lachiwiri tikudikira tsiku lake, ndipo ndikudziwa kale zimene adzanene: kuti mfiti yamaliza kubweza. Mpando wanga ku Joni anakhalapo munthu wina sabata yomwe ndinachoka. Panopa ndimakonza mafoni pansi pa mtengo pa Bangula. Makasitomala alipo, chifukwa amati munthu wotha kuika zinthu m'foni angathenso kuzichotsa, koma ndikamaiyatsa foni amayang'ana kumbali.

Ndinkaganiza kuti kwathu ndi kumene anthu amandidziwa. Ndinapeza kuti amandidziwadi: ankadziwa kuti ndine amene ndingasenze mlandu osasiya kutumiza ndalama. Amene ankadziwa bwino kuposa onse ndi amene anandiphunzitsa kuyenda.

Kwa ofuna kudziwa ngati kuwala kwa foni kumapha maso, yankho la katswiri wa chaka ndi theka ndi lakuti ayi. Kwa ofuna kudziwa kuti kafukufukuyu anandidyera zingati, ntchito ndi dzina sindiziwerengera, chifukwa zilibe lisiti. Adokotala anati Baba azivala magalasi akuda akakhala pamadzi. Ndinawagulira mumsika wa Bangula, apulasitiki, mwendo umodzi wopindika pang'ono. Wogulitsa anati zikwi zitatu. Atandizindikira kuti ndine yani anatsitsa yekha, osandiyang'ana m'maso. Ndinalipira zikwi ziwiri.