Waya wa pa rilei ku Southerton

Tsiku limene abwana anati malipiro athu akhala sopo ndi mafuta ophikira, ndinavula ovolosi n'kuuza mng'ono wanga Lakisoni kuti ndikupita ku Joni. Tonse tinkagwira pafakitale ina yosungunula zitsulo ku Southerton, dera la mafakitale m'dziko limene makolo athu anasamukira kuchoka ku Malawi, iye pang'anjo, ine kumagetsi.

Ntchito yanga inali kusamala thiransifoma yosintha mafezi atatu, kunena mizere ya magetsi, kukhala awiri, yodyetsa ng'anjoyo. Mlonda wake ndi kachipangizo kotchedwa rilei. Imayerekeza magetsi olowa ndi otuluka, akasiyana ndiye kuti m'kati mwavuta, imadula pomwepo. Pa thiransifoma yotere kuyerekezako n'kovuta, poti mbali ziwirizo sizifanana. Rileiyo ukaichuna molakwika imangodula popanda chifukwa.

Ku Joni ndinapeza ntchito yomweyo. Ndinkagona m'kachipinda kamalata, anzanga a pantchito osafunsa ndi dzina langa lomwe. Lamlungu ndikatumiza kangachepe, ndinkaimba kwathu ku Tafara.

"Tonse tili bwino, mwanangu," amayi ankatero.

Lakisoni anasiya kuonekera pafoni. Amayi ankati kamera inafa. Ndinakhulupirira, chitsiru ine!

Nditabwerera, ndinamupeza atakhala kuseri kwa nyumba. Dzanja lamanja linathera m'chigongono, khosi lonse zipsera.

"Mutachoka, rilei inkangodula, achimwene," anatero atazolika. "Ng'anjo ikazima, chitsulo chimauma. Abwana anakana kuitana woichuna, n'kuuza wamagetsi watsopano kuti aidumphitse ndi waya."

Tsiku limene m'kati munavutadi, panalibe chodula. Thiransifoma inaphulika, mafuta oyaka n'kumupeza akudutsa.

Ndinafunsa amayi chifukwa chimene anandibisira chaka chathunthu.

"Ukanabwera, tikanadya chiyani?"

Ndinatola jekete kuti ndikwere kombi, ndikawapeze abwanawo. Amayi anaima pakhomo, manja atatambasula.

"Usatiphere ana. Abwanawo anamulemba mkazi wa Lakisoni ntchito yosesa komweko. Ukakalankhula, mawa alibe ntchito."

Ndinazungulira mzere wonse wa nyumba za kwathu kufuna mmodzi yekha woti tikadandaule limodzi. Abambo oyandikana nafe, amene anapuma pantchito pafakitale yomweyo, anati ife a ku Malawi sitiyamba milandu m'dziko la eni. Dziko la eni! Ine ndinabadwira muno, bambo anga anaikidwa muno. Ena anati linali tsoka. Tsoka limagwira pulayala n'kumanga waya?

M'mawa mwake mlamu wanga anatuluka atanyamula kachikwama kake, akuthamangira kombi. Ndinamutsatira mpaka pageti, n'kumufunsa ngati anaika thiransifoma ina.

"Anaika, alamu. Ndimasesa pambali pake."

"Nanga waya uja?"

Anayang'ana kunyumba kaye, ngati amayi akumva.

"Ulipo. Anati ndizisamala ndisaukole ndi tsache."

Ndinaima pagetipo mpaka kombi inakhota. Ndili ku Joni ndinkati kwathu anthu akuvutika chifukwa sadziwa chimene chikuwapha. Akuchidziwa bwinobwino, ndipo m'mawa uliwonse amadzuka kukachisesera.