Thunthu Lobwerera Pansi

Ku Masasa kuno ukataya chitsulo, usadabwe kuchipeza mawa chili pageti la mnzako. Imeneyo ndi ntchito ya a Zondiwe Mhango, owotcherera zitsulo m'mphepete mwa msewu wathu. Ndakhala nawo moyandikana zaka khumi ndi zisanu, ndipo sindinawaonepo akutaya ngakhale msomali wopindika. Mahositelo atayamba kumera ngati bowa ku Luwinga chifukwa cha yunivesite, mabedi ambiri a ophunzira anachokera m'manja mwawo, opangidwa ndi mapaipi akale ndi zotsala za maminibasi akufa. Tinkawaseka kuti dzino lawo likadzaguluka adzaliwotcherera okha.

Akazi awo anamwalira kalekale. Anatsala ndi mwana mmodzi, Fiskani, amene anakhoza bwino ku sekondale ya Katoto n'kulowa yunivesite. Iyeyu ndiye anabweretsa za maroketi pakhomopo. Loweruka lina masana anawakhazika bambo ake pabenchi n'kuwaonetsa pafoni roketi ikunyamuka ku America. Itafika m'mwamba inagawika pawiri. Thunthu lapansi linatembenuka, n'kumatsika likulavula moto, mpaka linatera choimirira osagwa.

"Mwaona, adada?" anatero Fiskani. "Alikonza pang'ono, lidzanyamulanso ina. Anthu awa ndi abale anu, sataya kanthu."

"Nanga chapamwamba chija?"

"Icho chapita basi. Sichibwerera."

A Mhango anaseka mpaka kutsokomola. Kuyambira tsikulo, Fiskani akabwera kunyumba, awiriwa ankakhala pabenchipo mitu itagundana, kudikira thunthu lija.

Fiskani anadwala masiku anayi okha n'kumwalira, ali m'chaka chachitatu ku yunivesite. Pamaliro ake a Mhango sanagwetse msozi. Anthu ananong'onezana, ndipo ine zinandipsetsa mtima, chifukwa aliyense wa maso akanaona kuti munthuyo anali atauma ngati chitsa. Patatha sabata anabwerera kuntchito. Ukawapatsa chakudya ankadya, ukawapatsa moni ankayankha, basi. Foni ya Fiskani inkakhala m'thumba la ovololo yawo. Ikawadziwitsa kuti roketi inyamuka, ankazimitsa makina, n'kukhala mbali yawo yomwe ija ya benchi. Ankaonera mpaka thunthu litatera, osaseka, kenaka n'kubwerera ku zitsulo.

Mwezi utatha, achibale anabwera kudzagawa katundu wa malemu monga mwa mwambo. Anatsogolera ndi a Marjorie, alongo awo a Mhango, ndipo ine anandiitana ngati mnansi. Zovala, nsapato ndi mabuku anaziyala pamphasa, chilichonse n'kupeza mwini wake watsopano.

"Adumbu, yatsala foni," anatero a Marjorie. "Winifred wanga akuyamba yunivesite mwezi wamawa, ndipo sukulu ya masiku ano njapafoni. Inu nomwe mumati chinthu chisamangogona."

Sananame. Ndi mawu a Mhango enieni, tonse tinawamvapo kambirimbiri. Koma ndinkadziwanso kuti foni ya a Mhangowo njamabatani, yosaonetsa kanthu, ndipo kuti ya Fiskaniyi ikachoka, benchi ija yatha ntchito. Ndinafuna kulankhula. Ndinadziletsa, poti za banja la eni mlendo salowerera.

A Mhango anaitulutsa, n'kuiyang'ana kanthawi.

"Lindani pachoko," anatero. "Ikunyamuka folo koloko."

Achibalewo sanamvetse, komabe tinadikira, banja lonse lili pamphasa. Nthawi itakwana anakhala pabenchi, n'kumukodola Winifred kuti akhale pambali pawo. Roketi inanyamuka, inagawika, thunthu linatsika n'kuima. Winifred anawomba m'manja kamodzi, kenaka anachita manyazi n'kuzolika. A Mhango anapukuta foniyo ndi mkono wa ovololo, anaizimitsa, n'kumupatsa ndi manja awiri.

"Yewo chomene, asibweni," anatero mtsikanayo atagwada.

M'mawa mwake ndinawapeza akuwotcherera bedi lina la kuhositelo. Ndinali nditabwera ndi mawu ambiri owatonthoza, koma pakamwa panatuluka funso lopanda pake. Ndinawafunsa ngati sadzawasowa maroketi awo aja.

Sanavule n'komwe magalasi awo akuda owotcherera.

"Mwana anandiuza kale, mama," anatero. "Chapamwamba chimapita. Chobwerera ndi chakalechi, kuti achigwiritsenso ntchito."

Anawerama n'kuyatsanso moto pachitsulo.