Dzina la Amalume Amoyo

Mundikhululukire, ine si mlembi. Ndine mphunzitsi wa masamu kuno ku Haifa, m'dziko la Israeli, ndipo ndime ino yokha ndaifufuta kangapo. Ndalemba chifukwa mantha a amayi anga andilowa nanenso, ndipo ndikusowa powatula.

Amayi anga, a Perla, ndi telala. Anachoka ku Poland nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha ali mtsikana wometedwa mpala, wopanda m'bale ndi mmodzi yemwe. Mlongo wawo Zalman anamuona komaliza pa siteshoni ya sitima, asilikali a Jeremani akukankhira amuna uku, akazi uko. Atafika kuno anakwatiwa, anagula makina osokera akale, n'kuyamba kupinda mathalauza a anthu ogwira ntchito padoko. Mpaka lero amayankhula mapini ali kukamwa. Munthu akagogoda mwamphamvu, amayamba abisa buledi m'thumba la epuloni, kenako n'kukatsegula.

Nditabadwa ananditcha Zalman. Kwathu kwa Ayuda mwana sapatsidwa dzina la wachibale wamoyo, poti mngelo wa imfa akabwera kudzatenga wamkulu atha kusokoneza n'kutenga wamng'ono. Choncho dzina langa ndilo linali manda a amalume. Chaka chilichonse amayi ankawayatsira kandulo pa tsiku longoganizira, chifukwa lenileni sankalidziwa.

Ine ndinkangofuna kuwapezera tsiku lenilenilo, basi. Ayuda a ku Russia atayamba kufika ambirimbiri, ndinayamba kufufuza mtundu wathu m'nyumba zosungira mbiri ndi kwa okalamba ochokera m'tauni ya amayi. Okalambawo ankandiseka kuti aphunzitsi athu ayamba kuchonga mayeso a akufa. Tsiku la imfa sindinalipeze. Ndinapeza nkhalamba ina ku Beersheba, yongofika kumene kuchokera ku Tashkent m'dziko la Uzbekistan, ya dzina langa, yobadwira mumsewu womwe anabadwira amayi.

Ndinaimba foni. Anayankha mwana wamkazi wa nkhalambayo. Nditamufunsa dzina lake, anati Perla. Dzina la amayi anga lomwe lija. Kenako panamveka mawu a munthu wopuma movutikira, akufunsa ngati mlongo wake akadali ndi chipsera cha simbi padzanja lamanzere. Ndinavomera. Anandiuza kuti analumpha m'sitima ija n'kuthawira kum'mawa. Nditatchula dzina langa anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndiye wandibera dzina ndikali moyo, mbava iwe? Palibe mlandu, mphwanga. Nanenso ndinaba la mayi ako."

Amayi sanaseke. Ndinawauza masana akusoka. Analavulira mapini m'dzanja, n'kundifunsa chinthu chimodzi chokha, ngati mlongo wawoyo akudwala. Ndinati inde, mapapo.

"Ndiye kuti mngelo ali pafupi," anatero. "Akadzaitana Zalman, mudzavomera awiri."

Ndinayesa kuwauza mwaulemu kuti zimenezo ndi zikhulupiriro chabe.

"Zikhulupiriro? Pa siteshoni paja ankaitana maina, mwanangu. Ndinaona ndi maso angawa munthu akutengedwa m'malo mwa mnzake. Zimenezo za m'buku lako la masamu?"

Kuyambira tsiku limenelo sanditchulanso dzina. Amangoti "iwe", kapena "aphunzitsi". Anandiletsa kupita ku Beersheba kuti ine ndi amalume tisapezeke m'chipinda chimodzi, ndipo iwonso akukana kupita poopa kuti ndiwatsatira. Pafoni safuna kuyankhula, ati atha kuitana dzinalo mokweza. Kandulo ya chaka chino ili pawindo. Sanaiyatse, sanaitayenso. Ine ndakhala ndikunena kuti tidikire umboni wina kuti titsimikize bwinobwino, koma ndikangotsokomola pang'ono ndimadzigwira pachifuwa.

Dzulo msuweni wanga Perla anaimbanso. Bambo ake asiya kudya, amangofunsa ngati basi ya ku Haifa yafika.

Sindidikiranso umboni. Pa Sabata ino ndikapempha arabi, mtsogoleri wathu wa mapemphero kusunagoge, kuti andiwonjezere dzina lakuti Chaim, lotanthauza moyo, monga timachitira ndi odwala kwambiri kuti mngelo asawazindikire. Sindikudziwa ngati ndimazikhulupirira, koma amayi amazikhulupirira, ndipo ndikufuna akamve okha likutchulidwa pamaso pa anthu. Sabata ikangotha ndikawakweza basi. Akachitabe mantha tikafika, ine ndikakhala panja pa masitepe, iwo akalowe okaona mlongo wawo akadali moyo.