Zinki Afike Pamzere Wachitatu

Amuna anga anthu amawatchula kuti a Sipanala, chifukwa anakonza njinga zamoto zaka makumi atatu ndi zisanu, ndipo sipanala yaing'ono sichoka m'thumba la malaya awo ngakhale popita ku ukwati. Maovololo awo ndachapa ndine zaka zonsezo, ndiye ndikamawadandaula musati ndikukokomeza.

Atapuma pantchito anakoka chinjinga chakale chomwe chinali kuseri kwa nyumba, chomwe ankandinyamulirapo tili pachibwenzi. Chinali dzimbiri lokhalokha, nkhuku zikuikira mazira pansi pake. Anachiphwasula chonse, injini n'kukaimangira patebulo lodyera. Patebulo lodyera, anthuni! Miyezi isanu ndi umodzi tinkadya mbale zili pamiyendo, pisitoni atakhala pamalo pa alendo.

Ntchito ili mkati, adokotala a maso anatiuza tonse awiri kuti mitsempha ya m'maso mwa bambowa ikufa pang'onopang'ono, ndipo mankhwala angochedwetsa chabe. Anati, "Ngati pali chomwe mukufuna kuchita ndi maso amenewa, madala, chitani chaka chino." Chomwe ankafuna ndinkachidziwa: kukwera njingayo kamodzi kokha, iwo akuyendetsa, ine kumbuyo ngati kale.

Injini inatha, anaikweza panjinga, penti waliwali. Ine n'kuti basi, mawa tikwera. Ha! Ndinali ndisanamve nkhani ya oyilo.

"Amayi, injini iyi si ya masiku ano," anatero akundikhazika pansi ngati mwana wasukulu. "Muli kamu, kachitsulo ka timanundu kamene kamatsegula mavavu. Kamakhulana ndi chitsulo chinzake popanda chotchinga. Oyilo wakale anali ndi zinki wambiri, ndiye ankateteza. Wa leroyu zinki anamuchepetsa. Ndikangoliza ndi oyilo wolakwika, mphindi khumi zokha kamu yadyeka."

"Ndiye gulani wolondolayo."

"Alipo wa galimoto, koma ameneyo aterereketsa kilachi, poti kilachi ya njingayi imasamba mu oyilo yemweyo."

"Gulani wodula uja."

"Ameneyo ndi woterera kwambiri. Maringi atsopano a pisitoni sangakhazikike, injini izingofuka."

Uyu ayi, uyo ayi. Timabotolo tinayamba kuchuluka pawindo la kukhitchini, kalikonse ndi oyilo wakewake. Ankadontheza pachala, kufikisa, kununkhiza, n'kupukusa mutu. Tsiku lina ndinatsala pang'ono kukazingira anyezi oyilo wa injini, ndipo nditakalipa anangofunsa kuti ndinatenga botolo liti.

Mwana wathu wamkazi anawabweretsera kabotolo ka zinki wothira mu oyilo, ndi sirinji yoyezera. Ndinati Mulungu wayankha. Kodi ndinadziwa? Nkhani inangosintha mutu. Zinki akachepa sathandiza, akachuluka amawononganso zitsulo, ndiye pafunika kuganiza kaye. Alamu anga anabwera n'kunena kuti iwo amathira oyilo aliyense ndipo njinga yawo imayenda, abale awiriwo n'kukangana mpaka tiyi kuzizira.

Miyezi iwiri inatha choncho. Ine ndinkaona momwe ankapapasira chitseko asanapeze chogwirira, mtima n'kumandiwawa, ukali n'kumakwera. Masiku akutha, maso akupita, munthu ali kalikiliki kununkhiza mabotolo!

Loweruka lina m'mawa ndinalephera kupirira. Ndinawapeza pakhonde atakhala padzuwa, kabotolo ka zinki kudzanja lina, sirinji kudzanja lina.

"Abambo, lero ndiye lero," ndinatero. "Mukapanda kuiliza njingayi, mabotolo onsewa ndikataya kudzala, ndipo musandiyese. Mukudikira chiyani? Mukufuna muikwere mutagwira ndodo?"

Anakweza sirinji ija mpaka inagunda mphuno, n'kuitembenuzira kudzuwa, n'kuibwezanso.

"Amayi, pafika pati?"

Ndinayang'ana. M'sirinjimo munalibe kanthu. Zinki yense amene anakoka anali akudontha pa nsapato yawo, iwo osaona.

Iwo anaika kabotolo pansi mosamala n'kunena motsitsa, "Oyilo ndinasankha kalekale. Ndi uja wa m'chigubu chobiriwira, wa njinga zamoto, wolemererapo. Zinki ndi pamzere wachitatu basi. Koma mizereyo sindikuiona. Ndipo ndikailiza injiniyi mudzati tiyeni pamsewu, pamene msewuwo sindikuuonanso. Ndimangoona kachibowo kutsogoloku, m'mbali monse muli mdima."

Ndinakwiya, ndisaname. Ndinakwiya mpaka misozi ili chuchuchu.

"Ndiye miyezi iwiri yonseyi mumandiphunzitsa za kamu ndi maringi pobisa zimenezi? Ine ndine mlendo m'nyumba muno? Maso anga mukuwasungira ndani? Bweretsani kuno chinthucho!"

Ndinalanda sirinji, ndinakoka zinki mpaka pamzere wachitatu, ndinawauza kuti wafika. Anandifunsa kawiri ngati ndayang'ana bwino, ndipo kachiwiriko ndinangowapatsa sirinjiyo m'manja. Anathira m'chigubu chobiriwira, kukhutchumula, ine n'kuwagwirira fanulo pothira mu injini. Zotsalazo manja awo ankazidziwa okha. Anaponda kiki kamodzi, zii. Kachiwiri, inatsokomola. Kachitatu inalira, nkhuku zonse balalabalala.

Anaisiya ikulira mokweza pang'ono kwa mphindi makumi awiri, akuti kamu yatsopano imafuna choncho, ine ndikuwawerengera nthawi pa wotchi. Iwo anagwada pambali pake, mutu atapendeketsa, kumvetsera. Kenaka anaizimitsa n'kuyamba kuikankhira m'nyumba.

"Mukupita nayo kuti?"

"Yalira, amayi. Basi, zakwana."

"Zakwana kwa ndani? Ine ndadyera pamiyendo miyezi isanu ndi umodzi kuti ndimve phokoso?"

Tinaikankha tonse awiri mpaka pabwalo la mpira la kuseri kwa sukulu, pomwe panalibe munthu, mbuzi ziwiri zokha. Anakwera, ine kumbuyo, nditawagwira m'chiuno. Anandiuza kuti akuopa. Ndinati nanenso ndikuopa, tiyeni.

Tinanyamuka mogwedezeka, ine pakamwa pali pakhutu pawo. "Kumanja! Kumanjatu, abambo, uko kuli golo! Wongolani. Mbuzi, mbuzi! Eya, pitani, kulibe kanthu, pitani!" Pozungulira kachitatu ndinamva msana wawo ukuwongoka. Analowetsa giya yachiwiri, kenaka yachitatu, mphepo n'kundichotsa mpango kumutu.

"Amayi, musakuwe kwambiri," anatero akuseka. "Ndikumvetsera injini."

Tinazungulira kasanu ndi kawiri, ndipo sanaphonye giya ngakhale imodzi. Titaima anakhalabe pampando, manja ali pa mahandulo, osafuna kutsika.

"Zinki uja munayeza bwino," anatero.

Ndinafuna kuwayankha mwaukali monga mwa masiku onse, koma nkhope yanga inali pamsana pawo, ndipo malaya awo anali atanyowa kale ndi misozi.