Nsalu zimene amayi anabweza

Makina osokera a amayi anali akuda, opukusa ndi dzanja, ndipo ankanunkha mafuta ndi fumbi la nsalu. Agogo anabwera nawo kuchokera ku Mulanje pamene ankadzafuna ntchito ya tiyi kuno ku Honde. Bambo atamwalira, makinawo ndi amene ankatidyetsa. Amayi ankawaika pakhonde la nyumba yathu m'komboni, ine n'kumatola tizidutswa tovekera chidole changa cha chitsononkho.

Dzinja limenelo mvula inagwa yosalekeza. Minda ya tiyi inali yobiriwira mpaka kuphiri, ndipo othyola ankabwera madzulo atanyowa, zala zitachita makwinya. Amayi ankasokera aliyense: zigamba za maovololo, mabulauzi oyera a amayi a mpingo, madiresi a Khirisimasi. Ankasokeranso mayi wina wa chipinda chakumapeto, amene ankapeza ndalama ku bhawa, komwe amuna ankamwera mowa. Tonse tinkangomutcha sisi. Ankanunkhira sopo wabwino, ndipo akabwera ankandipatsa nthochi.

Khirisimasi itadutsa, sisi anabweretsa nsalu ziwiri. Yachikasu inali ya diresi lake. Yabuluu inali ya yunifomu ya mwana wake wamkazi, amene anali atangomutenga kumudzi ku Samanga kuti adzayambe sukulu. Amayi anamuyeza mwanayo n'kudula nsalu zonse tsiku lomwelo.

Lamlungu lake mkulu wa mpingo analalikira za ntchito. Anati khasu ndi la Mulungu, dengu la tiyi ndi la Mulungu, singano nayonso ndi ya Mulungu, koma manja oveka tchimo ndi manja ochimwa. Sanatchule dzina. Anthu anatembenuka okha kuyang'ana amayi. Masana anafika kwathu ndi amayi awiri a mpingo, nanena kuti amayi anga asadyenso mgonero kufikira ataleka kusokera a ku bhawa. Amayi anagwada pasimenti yonyowa. Mawu amene ndinamva ndi awiri okha: "Ndamva, abambo."

Lero sindinena kuti mkuluyo anali munthu woipa. Anali ataika m'manda anyamata ambiri amene bhawa linawadya, ndipo ankaopa. Koma bhawalo sakanatha kulitseka, mwini wake sakanamufika. Amene akanamufika anali mayi wamasiye wa makina.

M'mawa mwake sisi anabwera kudzaona ngati zatha. Amayi anamupatsa nsalu zodula kale zija, mapini akadali momwemo. Sisi anatulutsa yabuluu, kadzanja kamodzi kakulendewera.

"Nhai amai," anatero, akusakaniza ndi chiyankhulo cha kuno, "diresi langa ndamva. Ko yunifomu ya mwana, nayonso yachimwa?"

Amayi anangoyang'ana pansi. Ine ndinaima pachitseko, kudikira kuti wina anene chinachake chokonza zinthu. Sisi anaika nsaluzo m'pulasitiki nalowa mumvula osafunda kanthu.

Mpingo unawabwezera amayi ku mgonero, koma ntchito sinabwerere. Amayi a mpingo anali atayamba kale kupereka zosoka zawo kwa telala wa ku Mandeya, ati kuti nkhani izizire kaye. Amayi anakalembetsa kothyola tiyi. Ankabwera msana utauma, ine n'kumawaponda ndi mapazi kuti upole.

Sukulu zitatsegulidwa, ndinkadutsa pa chipinda chakumapeto m'mawa uliwonse. Kamtsikana kaja kankakhala pakhomo ndi diresi lakunyumba, kakutiyang'ana ife a mayunifomu mpaka titakhota. Dzinja lisanathe, chipindacho chinatsekedwa ndi loko, ndipo sindinamvenso za iwo.

Masabata onsewo amayi anasintha njira yopita kutchalitchi. Tinkazungulira kumunsi, m'matope a m'nthochi, nsapato zili m'manja, kuti tisadutse pakhomo pa sisi paja. Ine ndinkanyadira. Ndinkaganiza kuti amayi anga ndi oyera kwambiri moti sangaponde pafupi ndi tchimo. Sindinkadziwa kuti chimene ankalephera kupirira ndi maso a kamwana kaja.