Nkhuku ya m'botolo

Bambo a mazira, amene amakhala kuseri kwa golosale, sadutsa mwana osamufunsa chimene akugulitsa. Loweruka amasonkhanitsa ana a m'dera pakhonde pawo, n'kubwereka aliyense botolo la maswiti kuti ayambire geni. Pophunzitsa amanyamula dzira m'mwamba. "Mpamba ndi nkhuku, phindu ndi dzira," amatero. "Wodya nkhuku asadzalire mazira." Lamulo lawo ndi limodzi: mwana akaononga mpamba, botolo limapita kwa mnzake.

Tsiku lina anaima pabenchi pa mwana wamkazi wa telala, yemwe anali atangolandira botolo lake, n'kuyamba kutsokomola mwadala.

"Mwanangu, pakhosi pauma. Kaswiti kamodzi kokha. Si ine ndinakupatsa botololi?"

Kumana munthu wamkulu n'chipongwe, koma kupereka n'kutaya botolo. Mtsikanayo anathamangira m'nyumba, n'kubwera ndi kapu ya madzi, n'kupereka atagwada.

"Pepani bambo, imwani awa. Nkhuku yanga sindipha."

Ana ena anafa nacho chiseko. Bambowo anamwa madziwo, n'kupisa m'thumba monyinyirika ngati akuzula dzino, n'kugula switi imodzi.

"Mwana wouma manja iwe! Chabwino, botolo ndi lako. Nanga kasitomala wamkulu ngati ine, basela palibe?"

Mtsikanayo anatseka botolo lake bwinobwino, n'kuwalandira kapu ija ndi manja awiri.

"Basela mwamwa kale, bambo."