Ma CD a Amayi a Kwaya

Ndiyenera kuvomereza kuti ndinanamiza amayi a kwaya ya kutchalitchi kwathu ku Ulongwe, ine amene ndimadzudzula aliyense wolankhula mokhotakhota.

Anandipempha kuti ndiwajambulire nyimbo zawo pa ma CD. Kompyuta itandiuza kuti ndiike pulogalamu yatsopano yoyendetsera kachipangizo kojambulira, ndinavomera, ndipo kachipangizoko kanayamba kulavula CD iliyonse. Ndinawadziwitsa amayiwo za vutoli. Mwana wanga wa ku Balaka anandilangiza pafoni kuti ndibwezeretse pulogalamu yakale. Vuto linatheratu tsiku lomwelo.

Loweruka amayi aja atafika, mtsogoleri wawo, a Nasibeko, anafunsa moseka: "Aphunzitsi, kodi wodwala wathu wadzuka bwanji?"

Chimwalirireni mkazi wanga, pakhonde panga panali pasanamvekenso phwete la munthu. Ndinatsokomola pang'ono, n'kuyankha kuti: "Iyayi, amayi, sanapezebe bwino. Mudzamuonenso Loweruka likudzali."

Anabweradi kangapo, ine ndikuwawiritsira tiyi ndi kubwereza bodza lomwelo m'Chichewa chosalala bwino. Kenako analeka. Ndinamva kuti anakajambulitsa kwa munthu wina pamsika, ati poopa kuvutitsa nkhalamba.

Ma CD awo ndinawajambula onse, ndipo ali m'kabati. Sindikudziwa mmene ndingawaperekere popanda kufotokoza.